Chilangizo Chimene Sindinapiteko

Amayi anga anali mlangizi. Ndikanena choncho kuno ku Blantyre anthu amaganiza za mlangizi wa zaulimi, wa njinga yamoto ndi chipewa, ndiye ndimayenera kufotokoza. Iwo anali mlangizi wa kutchalitchi, mmodzi mwa amayi a mvano amene amasankhidwa kuti azilangiza atsikana akatha msinkhu, ndiponso akatsala pang'ono kulowa m'banja. Ntchito yowadyetsa inali yotchola tiyi kuesiteti, koma ukanawafunsa kuti amagwira ntchito yanji, tiyiyo akanamutchula pomaliza.

Kwathu ndi kumtunda kwa Chitakale, kumene minda ya tiyi imathera ndipo timinda ta anthu timayambira. Bambo anamwalira ine ndili sitandade fili, n'kuwasiyira amayi ana asanu, anayi aamuna ndi ine chitsirizira. Amayi ankachoka mame asanakamuke, dengu kumsana, pepala la pulasitiki atamanga m'chiuno kuti tiyi asawanyowetse. Pobwera masana ankangomwa madzi n'kulowa m'munda mwawo mwa nandolo ndi chinangwa. Zala zawo zinali zakuda ndi zong'aluka, moti akakusisita kumutu tsitsi linkakodwa m'ming'aluyo. Sanali munthu wolankhula zambiri ndi ife. Chikondi chawo chinkaonekera m'mbale ndi m'pemphero. Ankayamba kupemphera m'Chichewa bwinobwino ngati abusa, koma akafika potchula ife ana mmodzimmodzi ankapezeka alowa m'Chilomwe osadziwa. Azichimwene anga ankatsinana n'kumaseka chamumtima. Ine ndinkakwiya, chifukwa pemphero la ine ndi limene linkatalika kuposa onse.

Lachitatu madzulo linali la simbi. Ankaika makala, n'kusita bulauzi yoyera ndi duku loyera mpaka m'mphepete mwake mutaima. Lachinayi akaweruka ankasamba mothamanga n'kupita kumvano. Kukakhala chilangizo ankapita ngakhale mvula ikugwa ya ku Mulanje ija, yosadziwa kuleka. Anafika mpaka midzi ya kufupi ndi ku Muloza, kumene atsikana ena ankamva bwino Chilomwe kuposa Chichewa, chifukwa mwa alangizi onse iwo ndi amene ankachilankhula mosapunthwa.

Tsono chilangizo chili ndi lamulo lake. Mayi salangiza mwana wobala yekha. Pali mawu ena amene pakamwa pa mayi sipangatulutse pamaso pa mwana wake, ndipo mwananso sangawamve kuchokera kwa mayi ake popanda kufuna kulowa pansi. Choncho mayi amapita kwa alangizi mwamseri, n'kuwauza zonse zimene akufuna kuti mwana wake amve, kenako tsikulo iye amakhala panja n'kumatunga thobwa. Amayi anga anayenda zaka zoposa makumi awiri akulankhulira amayi anzawo. Tikadandaula kuti achoka osaphika ndiwo, ankati, "Ndikulima m'munda mwa anzanga. Tsiku lina adzalima mwanga." Munda wawowo ndinali ine, popeza mwana wamkazi analipo mmodzi yekha.

Chilangizo choyamba ndinachilandira ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo sindinachikonde ngakhale pang'ono. Anandikhazika pamphasa, miyendo yowongola, mutu pansi. Amayi asanu ovala zoyera anandizungulira. Anayamba ndi nyimbo ndi vesi, ine n'kumati zatha bwino. Kenako atcheya a mvano, mayi wamtali wa mawu aakulu amene anali mnzawo wa amayi wa ponda apa nane mpondepo, anayamba kutchula zolakwa zanga chimodzichimodzi. Anati ndimayankha akulu akulankhula. Anati ndimafwenthera ndikatumidwa kumjigo. Anatchula ngakhale tsiku limene ndinaponya mbale ya therere pansi. Zonsezo zinali zoona, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipsetsa mtima. Ndinadziwa amene anandinenera. Ndinatuluka m'nyumbamo maso ali psuu, n'kuwapeza amayi akumwetulira ndi chikho cha thobwa m'manja. Sindinachilandire. Mumtima ndinalumbira kuti pamphasa imeneyo sindidzakhalaponso, ndipo ine ndikalumbira ndimakhala ngati ndadya mwala.

Sukulu inanditenga. Ndinapita kusekondale yogonera konko, kenako ndinapeza ntchito ya mu ofesi ku Blantyre. Kumeneko ndinakumana ndi amene ali bambo a ana anga lero. Chinkhoswe tinachitira kwathu, ndipo chinayenda bwino. Alendo atachoka, amayi anandiitanira kuseri kwa khitchini, n'kundiuza mwamanyazi ngati akupempha mchere kuti anzawo a mvano akufunsa tsiku. Ndinadziwa tsiku la chiyani. Ndikanakhala munthu wolimba mtima ndikanakana pomwepo. Akanakhumudwa, komabe nkhani ikanathera kuseri kwa khitchini komweko. Koma pakamwa panga, pamene anthu amati ndi pakuthwa, tsiku limenelo panafota. Ndinavomera. Tinapangana Lachinayi la sabata yoti ukwati uchitika Loweruka la sabata inayo.

Nditabwerera kutauni ndinawauza anzanga a kuntchito, ndipo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Wina anati ndikaphunzitsidwa kugwada popereka madzi osamba. Wina anati ndikabwerako nditavala mikanda mpaka m'khosi. Iwo anali atandikonzera kale phwando lija amati shawa, muholo, loti pakhale mayi wophunzira wodzalankhula za banja pa maikolofoni. Ndinaseka nawo, ndipo ndinawonjeza zanga. Ndinawatsanzira atcheya mmene amalankhulira, n'kutsanziranso Chichewa cha amayi anga chokoka Chilomwe. Zimenezi ndikazikumbuka ndimachita manyazi kuposa china chilichonse, chifukwa amayi sanazimve ndipo sindinawapepese.

Masiku ankapita ine ndikudziuza kuti ndiimba foni mawa. Amayi analibe foni. Uthenga unkadzera kwa achimwene anga achiwiri, amene ankakonza njinga pa Chitakale. Kudzera mwa iwo ndinamva kuti amayi anyika kale chimanga cha chimera, kenako kuti achiyanika, kenako kuti apita nacho kuchigayo. Uthenga uliwonse unkandilemera, koma m'malo moti undifewetse unkandiumitsa. Ndinkati akundikakamiza.

Lachinayi lija linafika. Ndinadzuka, ndinavala, ndinafika mpaka pamene pamaima maminibasi a ku Mulanje. Kondakitala anandigwira chikwama. Ndinamulanda n'kubwerera. Chifukwa chenicheni ndinalibe. Telala anali atanena kuti ndikayese diresi, koma zimenezo zikanatheka Lachisanu. Ndinakhala kwa telalako mpaka cha m'ma leveni, ndiye n'kuimbira achimwene kuti akawauze amayi kuti sinditha kubwera, ntchito yandichulukira. Achimwene anangondifunsa ngati ndikudziwa kuti anthu afika kale. Ndinati ndikudziwa, n'kudula foni.

Paukwati amayi anabwera. Anavina, analulutira, anawagwira chanza apongozi anga ndi manja awiri. Za Lachinayi lija sanatchule, ine sindinafunse, achimwenenso sananene kanthu. Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ndinadziyamikira kuti ndawaonetsa kuti masiku ano zinthu zinasintha ndipo palibe amene wafa.

Chaka chotsatira ndinapita kwathu pa Pasaka ndi amuna anga. Kutchalitchi kunali mgonero. Kwathu ulaliki ukatha, ana ndi amene sanabatizidwe ndi amene anadulidwa amatuluka, m'kati mumatsala odya mgonero okha. Ndinaona amayi akunyamuka pabenchi ya amayi a mvano, n'kutuluka pamodzi ndi anawo, mutu uli pansi. Anthu ena anatembenuka kuwayang'ana. Titaweruka ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Nditawafunsa anati m'kati munali motentha. Ndinawauza kuti azimwa madzi ambiri, n'kuwalonjeza kuti ndiwatengera kuchipatala akayezetse magazi. Ndinkadziona ngati mwana wosamala kwambiri.

Pambuyo pake ndinamva kuti anasiya ulangizi. Anandiuza kuti miyendo yayamba kuwavuta. Ndinakondwera, n'kuwauza kuti achita bwino, zoyenda m'matope chifukwa cha ana a eni zinali zongodzivutitsa. Miyendo yomweyo inkawafikitsabe kuesiteti m'mawa uliwonse, koma ine sindinaziphatikize. Ndinali wotanganidwa ndi mimba yanga yoyamba, kenako yachiwiri. Amayi ankabwera kudzandithandiza chikuta, atanyamula nandolo ndi nyemba za kalongonda zowiritsa tsiku lathunthu, n'kumawasambitsa adzukulu akuwaimbira nyimbo za mvano. Banja langa lilipo mpaka lero ndipo ndi labwino. Sindinganame kuti kusalangizidwa kunandigwetsera tsoka. Amene anavutika nazo si ine.

Zoona zake ndinazimva patapita zaka zisanu ndi ziwiri, pamsika wa pa Chitakale. Ndinali nditangotsika minibasi, ndikugula nanazi, pamene wina anandigwira pamkono. Anali atcheya aja, atakalamba, akuyenda ndi ndodo, koma mawu ali omwe aja. Ndinawapatsa moni mwaulemu. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi, n'kunena kuti ndanenepa, zikuoneka kuti alangizi a ku Blantyre anagwira ntchito. Ndinaseka osamvetsa. Iwo sanaseke. Anandikokera pambali, pakhonde la golosale, n'kundiuza kuti popeza amayi anga sadzandiuza, andiuza iwo.

Anati tsiku lija anasonkhana amayi khumi ndi awiri, ena amene sanali alangizi n'komwe, ongofuna kudzawathokoza amayi anga chifukwa cha ana awo. Wina anachokera kufupi ndi ku Muloza pa kabaza. Anayala mphasa, anaimba nyimbo zonse zimene ankazidziwa, akuyang'ana kunjira. Achimwene atafika ndi uthenga, amayi anga analankhula nawo panja, kenako analowa m'nyumba, n'kugwada pakhomo. Anawauza anzawowo kuti abusa a kutchalitchi cha kutauni, kumene ukwati udzadalitsidwe, alamula kuti mkwatibwi alangizidwe ndi amayi a mvano a komweko, ndipo ine ndalangizidwa kale dzulo lake. Anati ndalira kwambiri pafoni ndipo ndapepesa. Amayiwo anadandaula, ena anawadzudzula abusa a kutauni, kenako anamwa thobwa n'kubalalika.

"Tinakhulupirira tonse," anatero atcheya. "Amako sananamepo chibadwire. Tikanawakayikira bwanji?"

Anati kuyambira mwezi womwewo amayi anasiya kudya mgonero. Palibe amene anawadula, anadzidula okha. Akulu a mpingo anawafunsa, iwo n'kumangoti mtima wawo sunakonzeke. Kenako anabweza ulangizi. Tsono mukudziwa kumudzi, munthu akasiya mgonero popanda chifukwa, anthu amamupezera chifukwa. Ena anati ali ndi mwamuna wamseri kuesiteti, kapitawo wina. Ena anati anapita kwa sing'anga kuti ine ndipeze ntchito ndi banja. Panali amayi ena amene anayamba kuletsa ana awo kukatunga madzi limodzi nawo. Amayi anga anazimva zonsezo ndipo sanayankhe. Patatha zaka zinayi anaimirira pamvano Lachinayi lina n'kuulula kuti ananama. Ngakhale pamenepo sananene kuti ine ndinakana. Anangoti za abusa a kutauni zija zinali zopeka, ndipo cholakwa ndi chawo chifukwa sanapangane nane bwino. Anabwerera kumgonero, koma ulangizi anaukana. Anati pakamwa pamene panama pa chilangizo sipangalangizenso mwana wa munthu.

Sindikumbuka kuti ndinawayankha chiyani atcheya. Ndikukumbuka kuti nanazi uja ndinamusiya pakhonde pomwepo. Choyamba chimene ndinamva mumtima sichinali chisoni, unali mkwiyo. Ndinakwiyira achimwene amene anakhala chete, ndinakwiyira atcheya chifukwa chondiuza pamsika, ndinakwiyira amayi chifukwa chosandikalipira ngati mmene amachitira amayi a anthu ena. Ndinakwera kabaza ndikukonza mawu oti ndikawafunse. Koma titadutsa minda ya tiyi, n'kuona amayi ena atawerama m'mizere ndi madengu kumsana, mkwiyo wonse unatha, n'kutsala ine ndekha ndi zimene ndinachita.

Amayi anga ndinawapeza pakhonde akusola nandolo m'lichero. Anali atapuma ntchito kuesiteti chaka chimenecho. Anandilandira, anafunsa za ana, n'kudabwa kuti ndabwera chimanjamanja. Ndinakhala pansi pafupi nawo, n'kuwauza kuti ndakumana ndi atcheya. Manja awo anaima pang'ono, kenako anapitiriza kusola.

"Amayi, bwanji simunangowauza zoona, kuti mwana wanga wakana?"

"Iwe ukanakhala ku Blantyre, koma dzina lako likanatsala kuno," anatero. "Mtsikana wokana alangizi kuno samuiwala. Akanati ndiwe wodzikuza. Ena akanati unali ndi pathupi. Ukanadzabwera ndi ana ako, anthu n'kumakulozerana ndi milomo."

"Nanga zimene ankakunenani inuzo?"

"Ine ndinali nditakula kale. Za munthu wamkulu sizipita patali."

Ndinawafunsa za mgonero, zaka zinayi zathunthu. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chinthu chachibwana. Anati sakanatenga mkate wa Ambuye ndi pakamwa pamene pali bodza, ndipo sakanaulula msanga chifukwa anthu akanayamba kufufuza nkhani ikadali yaiwisi. Anadikira kuti ndibereke kaye, anthu aone kuti banja langa lakhazikika. Ankalankhula ngati akufotokoza nthawi yobzala nandolo.

Ndinalira. Ine amene sindilira pamaliro ndinalira mpaka mamina, ndikupepesa. Anandisiya ndilire, kenako anati anandikhululukira tsiku lomwelo, thobwa lisanathe mumtsuko. Anati ndisadzizunze, Mulungu anawalandiranso. Ndinawathandiza kusola. Ndiye anayamba kulankhula okha, maso ali mulichero.

"Chimene chimandiwawa ndi chimodzi. Ndinali nditawapatsa mawu atcheya oti akuuze. Ndinawakonza nthawi yaitali, kuyambira uli kusekondale. Ndinkawaganiza ndikutchola tiyi."

Ndinaganiza kuti zinali zolakwa zanga, ndipo ndinawauza moseka kuti mndandandawo uyenera kuti unali wautali. Anapukusa mutu. Anati sizinali zolakwa. Ndinawapempha kuti andiuze pomwepo, popeza tinali awiriwiri ndipo ndinali mayi wa ana awiri. Anachita manyazi ngati mtsikana, n'kubisa nkhope ndi nsonga ya chitenje. Anati iwo sangathe, mawu amenewo si oti atuluke pakamwa pawo. Anati atcheya akuwasungabe, sanauze munthu, ndipo ngati ndikufuna ndipite ndikakhale pansi ndiwamve.

Ndinati ndipita. Ndinkafunadi kupita. Koma tsiku limenelo maso anga anali otupa, ndipo sindinafune kuti atcheya andione choncho atangondichititsa manyazi pamsika. Ndinadziuza kuti ndidzapita ndikadzabweranso, nditagula shuga ndi chitenje, ndikapite mwaulemu wake. M'mawa mwake ndinabwerera ku Blantyre. Mwezi wotsatira mwana anadwala. Wotsatirawo kuntchito kunali zambiri. Mwezi wachitatu achimwene anaimba foni kunena kuti atcheya agwa kubafa ndipo sakulankhula. Anamwalira patatha masiku asanu.

Ndinapita kumaliro. Amayi a mvano anavala zoyera, anaimba kuchokera kunyumba mpaka kumanda, amayi anga ali kutsogolo atanyamula nkhata ya maluwa. Pobwerera tinatsalira m'mbuyo awiri, chifukwa tsopano miyendo yawo inkavutadi. Ndinawagwira mkono n'kuwafunsanso, mwina poti wosunga mawu wapita angandiuze okha.

"Apita nawo, mwanawe," anatero.

Sindinawakakamize. Amayi anamwalira dzinja lotsatira, atadwala sabata ziwiri zokha. Ndinali nawo kuchipatala cha paboma mpaka tsiku lomaliza. Tinalankhula za ana, za munda, za amene adzatenge mbuzi, ndipo anandipempherera m'Chilomwe. Za mawu aja sanatchule.

Anthu amandiuza kuti mwina anali malangizo wamba, oti ndizilemekeza apongozi ndi kusunga chinsinsi cha m'nyumba. Mwina ndi choncho. Koma munthu sakonza malangizo wamba kwa zaka khumi ali m'munda wa tiyi, ndipo sabisa nkhope chifukwa cha iwo. Ndimaganiza kuti amayi, amene sanandiuzepo ndi pakamwa pawo zimene ankaganiza za ine, anapeza njira imodzi yokha yondiuzira, ndipo ine ndinaikana kawiri. Koyamba ndinali ndi mwano wa utsikana, ndipo mwina Mulungu angandimvetse. Kachiwiri ndinali munthu wamkulu, ndikudziwa zonse. Kuchokera pakhonde la amayi kukafika kwa atcheya unali ulendo wa mphindi khumi, ndipo tsiku lija ndinali ndi masana onse.